Alexis Carrel, Sing'anga Wosoka Mitsempha

Masiku ano timamva kuti asing'anga akhoza kutenga dzanja kapena nkhope ya munthu wakufa ndi kuilumikiza pa munthu wamoyo amene anapunduka. Nchito yozizwitsayi siinayambe dzulo ai. Mmodzi mwa amene analambula njira yace ndiye Alexis Carrel, munthu wa nzeru zakuya, amene anacitira anthu zabwino zambiri, nalakwanso kwakukuru.

Carrel anabadwa pa 28 June 1873 pafupi ndi mzinda wa Lyon, m'dziko la France. Atate ace anamwalira iye akali mwana. Anaphunzira pa sukulu ya ansembe Aciyezuiti, koma m'mene analowa maphunziro a using'anga cikhulupiriro cace cinazirala.

M'caka ca 1894 Prezidenti wa France, Sadi Carnot, analasidwa ndi mpeni mumzinda womwewo wa Lyon. Mpeniwo unadula mtsempha waukuru wa ku ciwindi, ndipo mkuluyo anafa ndi kutaya mwazi, pakuti asing'anga a nthawi imeneyo sanali kudziwa kusoka mtsempha. Carrel, ali wophunzira cabe, anabvutika nazo mumtima. Anapita kwa mai wina wodziwa kupeta nsaru, naphunzira kugwira singano yaing'ono ndi ulusi wasilika. M'caka ca 1902 anaonetsa njira yace: amayamba kumanga nsonga ziwiri za mtsempha pa malo atatu, nakoka ulusiwo kuti kamwa lozungulira likhale la mbali zitatu zoongoka, zosabvuta kusoka.

Caka comweco anaperekeza odwala pa sitima ya pamtunda kunka ku Lourdes. Pakati pao panali mtsikana, Marie Bailly, amene mimba yace inatupa ndi nthenda ya TB, ndipo anali pafupi kufa. Carrel anaona ndi maso ace kutupako kukuphwa, mtsikanayo nacira. Pambuyo pace anakhala sisitere. Sing'angayo sanafulumire kubvomera kuti ncozizwitsa, komanso sanalole kukana zimene anaona, ndipo akuluakulu a using'anga ku Lyon anaipidwa naye. Tsono m'caka ca 1904 anacoka kwao, ndipo mu 1906 analowa nchito ku Rockefeller Institute, mumzinda wa New York.

Ku Amerikako anayesa pa nyama kumezanitsa ziwalo monga mlimi amezanitsa mitengo. Anasuntha impso, nalumikizanso mwendo wa garu wina pa garu mnzace. Apa anazindikira cinthu cacikuru: ciwalo cikabwezedwa pa thupi la mwini wace cimakhala, koma cikaikidwa pa thupi la wina, thupilo limacikana ngati mlendo. Mankhwala oletsa kukanaku anapezeka iye atafa kale. Anaonetsanso kuti kacidutswa ka mtsempha kangathe kusungidwa masiku ambiri m'madzi amcere pa malo ozizira, kenaka nkusokedwa pa nyama ina. Cifukwa ca nchito zimenezi analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 1912. Mu 1935, pamodzi ndi Charles Lindbergh, woyendetsa ndege wochuka uja, anakonza pampu yagalasi yosungira ciwalo camoyo kunja kwa thupi.

Koma nzeru zopanda kudzicepetsa zimasokeretsa mwini. M'caka comweco ca 1935 Carrel analemba buku lophunzitsa kuti anthu ofooka asamabereke, ndi kuti zigawenga zina, ngakhale zamisala, ziphedwe ndi mpweya woipa. Maganizo otere Eklezia amawakana ndithu, pakuti moyo wa munthu aliyense ndi wa Mulungu. Pa nkhondo yaciwiri anatsogolera bungwe lokhazikitsidwa ndi boma la Vichy, lomwe linali kumvana ndi Ajeremani, ndipo dziko litamasuka mu 1944 anamcotsa pa udindo. Anamwalira ku Paris pa 5 November 1944, atabwerera ku cikhulupiriro ca ubwana wace ndi kulandira masakramenti otsiriza. Kucokera tsiku lija la ku Lourdes zinali zitapita zaka 42.

Mzinda wa Lyon sunaiwale zolakwa zace: mu 1996 dzina lace linafafanizidwa pa sukulu ya using'anga. Komabe mumzinda womwewo, mu 1998, asing'anga analumikiza dzanja la munthu wakufa pa munthu wamoyo, ndipo mu 2005 ku Amiens anacita cimodzimodzi ndi mbali ya nkhope. Onsewo anasoka mitsempha potsata njira imene Carrel anayamba.

Akristu anzathu, makamaka inu aphunzitsi a katekisimu, pofotokoza mbiriyi musabise mbali iriyonse. Amene lero amapereka ciwalo ca mbale wao wakufa kuti mlendo wopunduka athandizike, akutsutsa buku la Carrel pogwiritsa nchito singano ya Carrel yemweyo. Timpempherere, ndipo tiwapemphererenso asing'anga athu, kuti luso lao lisasiyane ndi cifundo.