ABRAHAM LINCOLN PA BWALO LA MILANDU

Abraham Lincoln anabadwa pa 12 Febuluwale 1809 m'kanyumba ka mitengo ku Kentucky, m'dziko la Amereka. Makolo ace anali osauka, ndipo masiku ace onse a sukulu sanapitirire caka cimodzi. Malamulo anaphunzira yekha m'mabuku obwereka, naloledwa kukhala loya m'caka ca 1836.

Ambiri amkumbuka cifukwa ca kulengeza ufulu wa akapolo m'caka ca 1863, koma asanalowe pa mpando anakhala zaka zoposa 20 akunenera anthu pa bwalo ku Illinois. Okangana akadza kwa iye, kawirikawiri anawalangiza kuti ayanjane okha, pakuti ngakhale wopambana mlandu ataya ndalama ndi nthawi. Akalephera kuwayanjanitsa, analankhula pa bwalo mau apafupi, akuti mlimi amve. Tinthu tating'ono anabvomereza msanga, nagwiritsa mfundo imodzi imene mlandu wonse unatsamirapo.

M'mwezi wa Meyi 1858, ku Beardstown, mnyamata wina dzina lace Duff Armstrong anaimbidwa mlandu wakupha munthu usiku, pafupi ndi msonkhano wa mapemphero. Amace, Hannah, ndiwo amene anamdyetsa Lincoln kale ali mnyamata wosowa. Tsopano anali amasiye. Mboni inalumbira kuti inaona Duff akukantha munthuyo, iyo itaima pa mtunda wa mapazi 150, popeza mwezi unawala pamwamba. Lincoln sanaikalipire. Anaifunsa mofatsa, naibwereza-bwereza za mweziwo, kufikira onse anamva bwino ndipo mboniyo sikadakhozanso kubweza mau ace. Pamenepo anaturutsa buku la masiku a caka ca 1857, nasonyeza kuti pa ora lija mwezi unali pansi, pafupi kulowa.

Potsiriza anafotokozera oweruza 12 aja za cifundo cimene banja la Armstrong linamcitira pa umphawi wace. Mau amenewo sanali umboni, koma anafika pa mtima. Duff anamasulidwa tsiku lomwelo, ndipo Lincoln sanalandire malipiro kwa amai aja.

Anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko m'caka ca 1860. Pa 14 Epulo 1865 anaomberedwa mfuti ku Washington, namwalira m'mawa mwace.