Louis Lumière, Munthu Amene Adayendetsa Zithunzi

Kwa Malemia, m'boma la Nsanje, alipo agogo amene amakumbukirabe masiku aja galimoto ya kanema inkafika kumudzi. Dzuŵa likapendeka, anyamata ankathandiza kuimika nsalu yoyera pabwalo, ndipo mdima ukangogwa anthu onse ankasonkhana, ena pamphasa, ena pamchenga. Makina akayamba kulira, pansalu paja pankaoneka anthu akuyenda, ng'ombe zikulima ndi amayi akusinja. Ana achidwi ankazembera kuseri kwa nsaluyo kuti akaone kumene anthuwo abisala, koma sankapezako munthu. Lero ambiri a inu mumaonera kanema pafoni kapena m'nyumba za vidiyo za pamsika. Kodi mudayamba mwadzifunsapo kuti chithunzi, chinthu chopanda moyo, chimayenda bwanji? Mmodzi mwa anthu amene adayankha funso limeneli ndi ntchito ya manja awo anali Louis Lumière wa ku France.

Louis adabadwa pa 5 Okutobala 1864 mumzinda wa Besançon. Anali ndi mkulu wake dzina lake Auguste, amene adabadwa mu 1862. Bambo awo, a Antoine Lumière, anali mmisiri wojambula anthu, poyamba ndi utoto, kenaka ndi kamera. M'chinenero cha kwawo dzina lakuti Lumière limatanthauza kuŵala, ndipo lidaliyeneradi banjali. Mu 1870 kudabuka nkhondo pakati pa France ndi Prussia, motero banja lonse lidasamukira ku Lyon. Kumeneko anyamata aŵiriwo adaphunzira pasukulu ya zaumisiri ya La Martinière. Louis ankadwaladwala mutu, koma pa sayansi ndi pa ntchito zamanja anali katswiri.

Masiku amenewo chithunzi chinkajambulidwa pagalasi lopakidwa mankhwala. A Antoine adatsegula kafakitale kopanga magalasi otereŵa, koma malonda adavuta. Louis ndi mlongo wake wamng'ono ankagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku, komabe pofika mu 1882 zinkaoneka kuti banjali litaya zonse chifukwa cha ngongole. Chimene chidaŵapulumutsa ndi nzeru za Louis. Ali ndi zaka 17 zokha, iye adapeza kasakanizidwe ka mankhwala kamene kankagwira kuŵala mofulumira kwambiri, kotero kuti wojambulidwa sankafunikanso kuuma ngati chitsa kwa nthaŵi yaitali. Auguste atabwerako ku usilikali, aŵiriwo adakonza makina opangira magalasiwo ambirimbiri. Pofika mu 1894 fakitale yawo, m'dera la Monplaisir, inkatulutsa magalasi pafupifupi 15 miliyoni pachaka.

M'chaka chomwecho a Antoine adaona chodabwitsa ku Paris. Linali bokosi lalikulu lotchedwa Kinetoscope, lochokera kwa Thomas Edison wa ku America. Munthu ankaŵerama n'kusuzumira pakachibowo, ndipo m'katimo ankaona tianthu tikuvina kapena kumenyana nkhonya. Bokosilo linali ndi vuto limodzi: ankaonera munthu mmodzi yekha, ena onse ali pamzere kudikira. A Antoine adabwerera ku Lyon ndi maganizo akuti ana awo atulutse zithunzizo m'bokosi, aziike pakhoma kuti khamu lonse lionere pamodzi.

Kuti timvetse vuto limene Louis adakumana nalo, tiyambe tadziŵa chinsinsi cha kanema. Mukatenga chikuni chamoto usiku n'kuchizunguza mofulumira, mumaona mkombero wamoto, chikhalirecho khala lili limodzi lokha. Diso ndi ubongo sizitha kulekanitsa zinthu zimene zikutsatizana mothamanga chotero. Mungathe kuyesa nokha. Pangodya ya tsamba lililonse la kope lakale jambulani bwato, koma patsamba lotsatira muzilisendeza pang'ono. Mukaphethira masambawo ndi chala chachikulu, mudzaona bwato lanu likuwoloka Shire. Kanema ali chimodzimodzi. Palibe chithunzi ngakhale chimodzi chimene chimayenda. Zonse ndi zithunzi zoima, zondondozana pamzere wautali wotchedwa filimu.

Tsono chovuta ndi ichi. Filimu ikamangoyenderera kutsogolo kwa nyale osaima, pakhoma pamaoneka chimbuuzi chokhachokha. Chithunzi chilichonse chiyenera kufika, kuima nji kwa kamphindi, kenaka n'kuchoka mumdima kuti chinzake chiloŵe. Auguste adayesa koma sizidatheke. Louis ndiye adapeza njira, ndipo adaitengera ku makina osokera. Mukapita kwa telala pakhonde la sitolo, muyang'anitsitse pansi pa singano. Pali timano timene timakoka nsalu, timaisiya pamene singano ikuloŵa, kenaka timaikokanso. Louis adapanga tizikhadabo tiŵiri tachitsulo timene tinkaloŵa m'timabowo ta m'mphepete mwa filimu, n'kuitsitsa chithunzi chimodzi, n'kutulukamo. Pamene filimu ikutsika, kachotchingira kozungulira kankaphimba kuŵala. Mmisiri wa pafakitale yawo, Charles Moisson, ndiye adasula makina oyambawo, ndipo pa 13 Febuluwale 1895 abale aŵiriwo adalembetsa makinawo ku boma m'dzina la onse aŵiri, monga ankachitira ndi ntchito zawo zonse. Adaŵatcha Cinématographe.

Panalinso funso lina: kodi pasekondi imodzi padutse zithunzi zingati? Bokosi la Edison linkadya zithunzi pafupifupi 40 pasekondi. Louis adaona kuti zithunzi 16 zikwanira kunyenga diso. Wogwiritsa makina ankapukusa chogwirira kaŵiri pasekondi, ndipo kupukusa kamodzi kunkatsitsa zithunzi 8. Apa ndi pamene padagona nzeru zake zenizeni. Filimu inkadula, choncho kuchepetsa zithunzi kunali kupulumutsa ndalama. Makina ake ankalemera makilogalamu 5 okha ndipo sankafuna magetsi pojambula, motero munthu ankatha kuŵanyamula kupita nawo kumsika, kudoko kapena kunyanja. Makina omwewo ankajambula, ankasindikiza filimu, ndiponso ankaonetsa pakhoma akaŵaika patsogolo pa nyale. Filimu imodzi inali yotalika mamita 17, inali ndi zithunzi zoposa 800, ndipo inkatha isanakwane mphindi imodzi.

Kanema woyamba wa Louis sanali wa mafumu kapena wa nkhondo. Adangoimika makina ake pamsewu moyang'anana ndi chipata cha fakitale, n'kujambula antchito akuŵeruka: amayi ovala madiresi aatali, abambo panjinga, ndi galu akudumphadumpha pakati pawo. Pa 22 Malichi 1895 adaonetsa kanemayu kwa akatswiri ku Paris. Kenaka pa 28 Disembala 1895 bambo ake adachita lendi chipinda chapansi pa nyumba yodyera ya Grand Café mumzinda womwewo, n'kuitana anthu wamba kuti alipire franc imodzi pakhomo. Tsiku loyambalo adalipira anthu 33 okha. Adaonera makanema aafupi 10. Mwa iwo munali wina wa Auguste ndi mkazi wake akudyetsa khanda, ndi wina woseketsa wa mnyamata amene adaponda paipi ya wolima dimba, n'kuchotsa phazi pamene mwini dimbayo ankasuzumira kukamwa kwa paipiyo. Oonera ena adachita chidwi kwambiri ndi masamba a mitengo amene ankagwedezeka ndi mphepo kumbuyo kwa khanda lija, poti chinthu chotero anali asanachionepo pachithunzi. Mbiri idawanda, ndipo patangopita milungu yochepa anthu oposa 2,000 ankabwera tsiku lililonse.

Mu 1896 adaonetsa kanema wa sitima ya pamtunda ikufika pasiteshoni ya La Ciotat. Injini inkayamba yaing'ono patali, n'kumakula, n'kumakula, mpaka kudzaza nsalu. Anthu amasimba kuti oonera adathaŵa poopa kugundidwa, koma akatswiri a mbiri yakale amaikayikira nkhani imeneyi. Nthaŵi imeneyo n'kuti kuno kwathu kulibe njanji, pakuti njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, idafika ku Blantyre mu 1908.

Tisaganize kuti Louis anali yekha pa mpikisano umenewu. Ku Berlin abale ena aŵiri, a Skladanowsky, adaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira pa 1 Novembala 1895, iye asanatero, ndipo ku England ndi ku America kunalinso ena. Koma makina a Louis ndiwo anali opepuka ndi odalirika. Banja la Lumière lidaphunzitsa anyamata ojambula n'kuŵatumiza ku Russia, ku Mexico, ku Japan, ku Egypt ndi kumaiko ena, ndipo onse pamodzi adajambula makanema pafupifupi 1,400.

Ntchitoyi inali ndi zoopsa zake. Filimu ya masiku amenewo inkayaka ngati udzu wouma, ndipo nyale inkatentha kwambiri. Louis ankaika botolo lagalasi lodzaza madzi pakati pa nyale ndi filimu, kuti lisonkhanitse kuŵala ndi kuchepetsa kutentha. Pachionetsero chachikulu cha ku Paris cha mu 1900 adaonetsa kanema pansalu yotambalala mamita 21, imene ankainyowetsa ndi madzi kuti anthu a mbali zonse ziŵiri aone bwino.

Chodabwitsa n'chakuti Louis sadaone kuti kanema adzakula kufika pamene adafikapa. Iye anali munthu wa makina ndi mankhwala, wosakonda za zisudzo. Pamene ena adayamba kupanga makanema a nthano, banja la Lumière lidabwerera m'mbuyo, ndipo pofika mu 1905 lidasiyiratu. Mtima wa Louis unali pa zithunzi zamitundu. Adagwiritsa ntchito timbewu tosaoneka ndi maso ta ufa wa mbatata ya kachewere, tonyikidwa mu utoto wa mitundu itatu, ndipo magalasi akewo adayamba kugulitsidwa mu 1907. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 adapanga dzanja lachitsulo lothandiza asilikali oduka manja.

Ukalamba wake uli ndi banga limene sitiyenera kulibisa. Dziko la Germany litagonjetsa France mu 1940, Louis adagwirizana ndi boma la Philippe Pétain, limene linkamvera adaniwo. Anthu a kwawo sadaiŵale. Mu 1995 boma lidafuna kuika nkhope za abale aŵiriwo pandalama yapepala ya 200 francs, koma anthu adakana, ndipo padaikidwa nkhope ya Gustave Eiffel. Louis adamwalira pa 6 Juni 1948 ku Bandol ali ndi zaka 83. M'chaka chomwecho ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, kudakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit, limene makanema ake ankaonetsedwa ndi magalimoto m'midzi ya Nyasaland ndi ya maiko aŵiri a Rhodesia.

Nanga zithunzi 16 zija zidathera kuti? Zinali ndi chilema chake: kuŵala kunkaphethira mpaka maso kuŵaŵa. Amisiri adakonza chotchingira chamapiko atatu kuti chithunzi chilichonse chiziŵala katatu chisanachoke. Kanema wolankhula atayamba cha mu 1927, mawu ankamveka moipa filimu ikamayenda pang'onopang'ono, motero opanga makanema adagwirizana pa zithunzi 24 pasekondi, ndipo nyumba za kanema zidagula makina atsopano. N'chifukwa chake anthu a m'makanema akale amaoneka ngati akuyenda mothamanga: adajambulidwa pa 16 koma akuonetsedwa pa 24. Mu 2012 Peter Jackson wa ku New Zealand adatulutsa kanema wa The Hobbit wa zithunzi 48 pasekondi. Nyumba zokhazo zimene zidakonzetsa makina awo ndizo zidatha kumuonetsa motero, ndipo oonera ambiri adadandaula kuti zonse zinkaoneka bwino mopitirira, mpaka zovala ndi zodzoladzola za ochita seŵero zinkadziŵika kuti n'zongopanga.

Fakitale ya ku Monplaisir idaphwasulidwa, koma chigafa cha pachipata paja, pamene antchito adatulukira mu 1895, adachisunga. Lero anthu amaloŵera pomwepo popita kukaonera kanema, ndipo msewu umene Louis adaimikapo makina ake umatchedwa Rue du Premier-Film, kutanthauza Msewu wa Kanema Woyamba.