Harry Nkumbula ndi Makalata a Congress

Harry Mwaanga Nkumbula, mwana wa ku Maala m'dziko la Aila, anaphunzira pa misyoni ya Methodist ku Kafue, nakhala mphunzitsi. M'caka ca 1951 anasankhidwa kutsogolera African National Congress, ndipo mu 1953 anatentha poyera m'Lusaka cikalata ca Boma cokonza Citaganya. Kaunda atapatuka mu 1958, mbiri yace inayamba kuzilala. Anamwalira mu 1983.

Codabwitsa ncakuti makalata a Congress anasungidwa m'Lusaka ndi UNIP, cipani comwe cija anapikisana naco, ndipo British Library inathandiza kuwajambula. Aphunzitsi ofuna kuuza ana za munthuyu adzadalira makalatawo, pakuti nkhalamba za ku Matero ndi Kanyama zimene zinamumva akulankhula zatsala zowerengeka.