Malemu Orton Chirwa, Loya Amene Anakanizidwa Loya

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, ambiri mwa inu mukafika kuno ku Mzuzu mumayenda mu msewu wa Orton Chirwa. Ine ndimadzera momwemo m'mawa ulionse popita ku ofesi, koma ndivomere kuti kwa zaka zambiri sindinalabadireko za mwini dzinalo. Pamene iwo ankamwalira mu 1992 n'kuti ndili ku pulayimale, ndipo kwathu akuluakulu ankatchula dzinali monong'ona.

Bambo Orton Chirwa anabadwa mu 1919 m'boma la Nkhata Bay. Anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, kenaka ku London, kumene anatsiriza maphunziro a malamulo mu 1958, nakhala loya woyamba wachikuda wa dziko la Nyasaland. Mu 1959 Atsamunda anawamanga. Atatuluka anayambitsa chipani cha Malawi Congress Party, ndipo utsogoleri wake anaupereka kwa Dr Banda mu 1960. Pa chisankho cha 1961 anthu a ku Nkhata Bay anawasankha kukawaimira ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba, ndipo posakhalitsa anakhala Nduna ya Zachilungamo.

Chimene chimandikhudza ine ngati wogwira ntchito m'boma ndi nkhani ya makhoti ang'onoang'ono. Nthawi ya Atsamunda, milandu ya anthu wamba inkazengedwa m'mabwalo a mafumu. Lamulo la 1962, limene a Chirwa analilimbikira, linafuna kuti ntchito yoweruza isiyane ndi ufumu, kuti wolamulira mudzi asakhalenso yemweyo wogamula mlandu. Mafumu ena sanakondwe nazo.

Mu Seputembala 1964 nduna zinasemphana maganizo ndi Dr Banda. A Chirwa anachotsedwa pa mpando, nathawira ku Tanzania. Iwo ali kunja, boma linasintha makhoti aja. Kuyambira mu 1969 mabwalo a miyambo anapatsidwa mphamvu zoweruza milandu ya kupha ndi kupereka chilango cha imfa, ndipo maloya sankaloledwa kuimira munthu kumeneko.

Pa 24 Disembala 1981 a Chirwa anagwidwa cha ku malire a Malawi ndi Zambia pamodzi ndi akazi awo, Mayi Vera Chirwa, amenenso anali loya. Mlandu woukira boma unapita ku bwalo la miyambo la Chigawo cha Kumwera, kumene oweruza ambiri anali mafumu. Tangoganizani, anzanga: munthu amene anakonza makhoti a dziko lino anaima yekha m'bokosi, wopanda womuimira, ndipo anamukanizanso kuitana mboni zake. Ine ndikawerenga za mlanduwu sindiona kuti panali kuzenga kwenikweni. Mu 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. Maiko akunja ndi mipingo atadandaula, mu 1984 chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse.

Ku ndende ya Zomba awiriwa anali pafupi, koma anakhala zaka zisanu ndi zitatu osaonana. Anakumana mu Seputembala 1992, maloya ochokera ku Britain atabwera kudzawayendera. Pa 20 Okutobala chaka chomwecho a Chirwa anamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73. Mayi Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993, ndipo chaka chimenecho chisanathe mabwalo akuluakulu a miyambo aja anaimitsidwa.