Michael Faraday: mwana wa wosula amene adaphunzitsa sayansi ndi kandulo

Michael Faraday adabadwa m'chaka cha 1791 ku London, m'banja losauka la wosula zitsulo. Sukulu sadapite nayo patali. Ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku, ndipo mabuku omwewo adamutsekula maso.

Mu 1813 adalembedwa ntchito ku Royal Institution. Kumeneko, mu 1831, adatulukira kuti maginito akamayenda m'kati mwa waya wokulungidwa amabala magetsi, nzeru yomwe majenereta amadalira mpaka lero.

Kutchuka sikudamuiwalitse ana. Nyengo ya Khirisimasi ankawasonkhanitsa nawayatsira kandulo. Akaivundikira ndi botolo, lawi linkazima, anawo n'kudzionera okha kuti moto sungayake popanda mpweya.

Faraday adamwalira mu 1867, koma maphunziro a Khirisimasiwo akuchitikabe.