Almon Strowger, wokonza maliro amene anasintha kaimbidwe ka lamya

Almon Brown Strowger anabadwa pa 11 Febuluwale 1839 ku Penfield, m'chigawo cha New York ku America. Anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo, kenako anakhala mphunzitsi. Pambuyo pake anayamba bizinesi yokonza maliro, imene ankachita ku Kansas City.

Masiku amenewo lamya inalibe manambala oti munthu asindikize yekha. Woimba ankayamba walankhula ndi wogwira ntchito ku ofesi ya lamya, amene ankalumikiza mawaya ndi manja. Nkhani yodziwika imati Strowger anaona kuti makasitomala akuchepa, ndipo anakhulupirira kuti mayi wina wa ku ofesiko ankapatutsira anamfedwa kwa mwamuna wake, amenenso anali wokonza maliro. Strowger anaganiza zopanga makina oti alowe m'malo mwa munthu wapakatiyo.

Nzeru yake inali yoti lamya izitumiza nambala ngati kugogoda. Magetsi akadutsa ndi kuduka kamodzi m'waya, kachitsulo ka ku ofesi kankasuntha sitepe imodzi. Akaduka kasanu, kankasuntha masitepe 5, mpaka kukafika pa waya wa munthu wofunidwayo. Boma linamupatsa chikalata cha umwini wa lusoli pa 10 Malichi 1891, ndipo pa 3 Novembala 1892 makinawa anayamba kugwira ntchito m'tauni ya La Porte ku Indiana.

Poyamba anthu ankadina mabatani kangapo, uku akuwerenga okha. Mu 1896 amisiri a kampani yake anapanga kagudumu kozunguza ndi chala. Munthu akazunguza n'kusiya, kagudumuko pobwerera kankadula magetsi molingana ndi nambalayo, pafupifupi ka 10 pa sekondi. Pa nambala 3 kankadula katatu, pa 0 kankadula ka 10.

Strowger sanadyerere kwenikweni thukuta lake. Anagulitsa umwini wa lusoli ndi gawo lake m'kampaniyo, n'kusamukira ku St. Petersburg ku Florida kumene anabwereranso ku ntchito ya maliro. Anamwalira komweko pa 26 Meyi 1902 ali ndi zaka 63. Makina otchedwa ndi dzina lake anagwira ntchito m'maiko ambiri kwa zaka zoposa 70.

Mu 1963 kampani za Bell ku America zinabweretsa njira yachangu. M'malo modula magetsi, batani lililonse limatulutsa malipenga awiri nthawi imodzi, lina lotsika ndi lina lokwera, ndipo makina amazindikira nambalayo pomva kuphatikizana kwake. Njirayi ikugwirabe ntchito. Mlimi akaimbira kampani ya foni, n'kuuzidwa kuti adine 1 kapena 2 posankha chilankhulo, makina amadziwa chimene wasankha kudzera m'malipenga omwewo, popanda munthu wapakati monga ankafunira Strowger.