Michael Faraday, Mwana wa Mmisiri Wosula

M'minda ina ya m'mapiri a ku Dedza, khasu limafukula zibuma zakuda zolimba ngati mwala. Zimenezi ndi zotsalira za ng'anjo momwe makolo athu ankasungunuliramo chitsulo. Amisiri akalewo ankachidziwa bwino chitsulo, pakuti ankasula nacho makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Koma chitsulo chili ndi khalidwe lina limene nyundo siingaulule. Mukayandikiza maginito ku msomali, msomaliwo umalumpha n'kukakamira. Mukawayandikiza ku waya wamkuwa kapena ku poto wa aluminiyamu, simuona kanthu. Munthu wina amene adafufuza kwambiri za nkhani imeneyi adalinso mwana wa mmisiri wosula, koma wa ku England. Dzina lake adali Michael Faraday.

Faraday adabadwa pa 22 Sepitembala 1791 kufupi ndi mzinda wa London. Atate ake ankadwaladwala, ndipo pakhomo padali umphawi. Chaka china chakudya chitakwera mtengo, mnyamatayo ankalandira buledi mmodzi woti amukwanire mlungu wonse. Kusukulu adangophunzirako kuwerenga, kulemba ndi masamu ochepa. Ali ndi zaka 14 adayamba kuphunzira ntchito yosoka ndi kumata zikuto za mabuku kwa George Riebau. Mabuku amene ankabwera kudzakonzedwa, iye ankawawerenganso, makamaka onena za magetsi.

M'chaka cha 1812 adapeza mwayi wokamvera katswiri wotchuka, Humphry Davy, akuphunzitsa ku Royal Institution. Adalemba zonse zimene adamva, nazisoka kukhala buku lokongola, nalitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito. Chaka chotsatira adamulemba kuti azitsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo. Paulendo wa ku maiko ena a ku Ulaya, mkazi wa Davy ankamuyesa wantchito wamba, koma Faraday adapirira chifukwa ulendowo udali sukulu yake.

Patapita zaka zingapo akatswiri adazindikira kuti waya wodutsa magetsi umatembenuza singano ya kampasi. Faraday adaganiza kuti ngati magetsi angabale mphamvu ya maginito, ndiye kuti maginito angabalenso magetsi. Adayesa kangapo osaphula kanthu, mpaka mu 1831 adapeza yankho. Adakulunga waya mozungulira, nalowetsa maginito pakati pake, ndipo magetsi adayenda m'wayamo. Maginito atakhala chete, magetsi adaleka. Chinsinsi chonse chidali m'kuyenda. Makina amene madzi a mu Shire amazungulitsa ku Nkula kuyambira 1966 amapanga magetsi mwa njira yomweyi, monganso kamakina kamene kamakhudza tayala la njinga n'kuyatsa nyali.

Padali ntchito ina imene idamutopetsa kwambiri. Asanafike pa zamagetsizi, adapemphedwa kupanga galasi labwino la zida zoonera nyenyezi. Galasi lotere limagwira ntchito chifukwa kuwala sikuyenda pa liwiro limodzi paliponse. Mumpweya kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. M'madzi kumatsika kufika pa 225,000, ndipo m'galasi wamba pafupifupi 200,000. Kukalowa mopendekera pamalo pamene liwiro likusintha, kuwala kumakhota. N'chifukwa chake ndodo yoviika mu mtsinje wa Linthipe imaoneka ngati yothyoka, chonsecho ili yowongoka. Faraday adakhala zaka zingapo pambali pa ng'anjo yotentha, akusungunula galasi losakaniza ndi mtovu, lolemera, limene limachedwetsa kuwala koposa galasi wamba. Opanga zida sadapindule nalo kwenikweni, ndipo iye adaona ngati wataya nthawi. Komabe zidutswa zake adazisunga.

Mu Sepitembala 1845, ali ndi zaka 53, adafuna kudziwa ngati maginito angathe kukhudza kuwala. Adakonza zipangizo zake kotero kuti kuwala kwa nyali kudutse pafupi ndi maginito amphamvu oyendera batire, koma kukatsekeredwe kusanafike m'diso. Adayesa kukudutsitsa mumpweya, m'galasi wamba ndi m'miyala yoonekera, koma mudali mdima wokhawokha. Tsono adatenga chidutswa cha galasi lolemera lija. Atangolumikiza waya ku batire, lawi la nyali lidaonekera. Atalumula, mdima udabwerera. Maginito adali atapota kuwala m'kati mwa galasimo, ndipo palibe munthu amene adaonapo zotere kale.

Pasanathe miyezi iwiri adapachika galasi lomwelo pa ulusi pakati pa maginito. Kachidutswa ka chitsulo kakadaloza kumene kuli maginito, koma galasi lidatembenuka n'kukhala chopingasa, ngati likuwathawa. Pamenepo adayamba kupachika chilichonse chimene adachipeza: mtengo, buledi, nyama, apulo ndi zitsulo zamitundumitundu. Adapeza kuti palibe chinthu chimene sichimva maginito. Chitsulo cha makasu chimakokedwa mwamphamvu. Zina zimakokedwa pang'ono zedi. Mkuwa, golide, siliva ndi mtovu zimakankhidwa, koma mphamvu yake ndi yochepa kwambiri kotero kuti ndi maginito ang'onoang'ono a kusukulu simungaione.

Faraday sadadziwe masamu akuya. Amene adaika maganizo ake m'masamu adali James Clerk Maxwell wa ku Scotland. Maxwell atawerengera liwiro la mafunde a magetsi ndi maginito, adapeza kuti ndi lofanana ndi liwiro la kuwala, ndipo mu 1865 adalengeza kuti kuwala ndi mafunde a mtundu womwewo.

Ngakhale adatchuka, Faraday adakana kukhala mtsogoleri wa bungwe lalikulu la akatswiri la Royal Society. Ankakonda kuphunzitsa ana pa nyengo ya Khirisimasi, nthawi zina atangoyatsa kandulo imodzi patebulo. Atakalamba adayamba kuiwalaiwala, nasiya ntchito. Adamwalira pa 25 Ogasiti 1867, ndipo adaikidwa m'manda a Highgate ku London.